Alendo amapita, ana amatsala: za maulendo a mpingo okaona ana amasiye ku Haiti

Ulendo wake umayamba ndi chilengezo m'tchalitchi. Tinene kuti ndi mpingo wina wa ku Ohio kapena ku Texas, ku America. Mapemphero a Lamulungu akamapita kumapeto, mbusa wa achinyamata amaimirira n'kuonetsa zithunzi pakhoma: ana opanda nsapato akumwetulira, ena atakwera pamsana pa alendo. Kenako amalengeza kuti patchuthi chikubwerachi anthu 15 apita ku Haiti kwa sabata imodzi kukacheza ndi ana amasiye. Ofuna kupita amalembetsa mayina. Miyezi yotsatira amatsuka magalimoto a anthu, kugulitsa makeke ndi kulembera achibale makalata opempha ndalama ya tikiti. Tsiku lonyamuka onse amavala matisheti ofanana olembedwa vesi kumsana, masutikesi atadzaza ndi mipira, makrayoni, maswiti ndi zovala.

Ndinene poyambirira pomwe kuti anthu amenewa si achinyengo. Ambiri ndi Akhristu a mtima wabwino amene anawerenga pa Yakobo 1:27 kuti chipembedzo choona ndiko kuyendera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndipo akufuna kuchitadi zimenezo, osangoziimba m'nyimbo. Ena mwa inu amene mumapemphera m'mipingo ya ku America kapena ku Britain mwina munasonkhapo kale ndalama ya ulendo wotere, kapena mwana wanu analembetsa. Enafe tinakhalapo mbali ya olandira alendo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtima wabwino wa mlendo sutanthauza kuti mwana wapindula, ndipo umboni wachuluka tsopano woti maulendo amenewa ali m'gulu la zinthu zimene zimachotsa ana m'manja mwa makolo awo amoyo.

Ine ndinaziona koyamba kwathu kuno ndili womasulira. Gulu lina linabwera pamalo ena osungirako ana, kumene ambiri timangoti ku orphanage, ndipo ntchito yanga inali yomasulira nkhani za m'Baibulo. Basi itangoima, ana anathamanga n'kuyamba kulimbirana manja a alendo. Kamtsikana kena ka zaka ngati 7 kanagwira dzanja la mayi wina wachizungu, osalisiya masiku onse anayi. Tsiku lotsazikana mayiyo analira kwambiri, nandiuza kuti chikondi chotere anali asanachionepo. Basi itachoka, kamtsikanako sikanagwetse msozi. Kanangondikoka malaya n'kufunsa kuti, "Amalume, ena abwera liti?" Pocheza nako kanandiuza kuti amayi ake amagulitsa tomato pamsika kuboma, ndipo amabwera kudzakaona mwezi ukatha akapeza ya minibasi.

Wamasiye ndani?

M'Chichewa mwana amene bambo ake anamwalira timamutcha wamasiye ngakhale amayi ake ali moyo. Bungwe la UNICEF limawerengeranso chimodzimodzi: mwana wosafika zaka 18 amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anamwalira. Powerengera motero, mu 2015 padziko lonse panali ana amasiye pafupifupi 140 miliyoni, koma amene anataya makolo onse awiri anali pafupifupi 15 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ankaleredwa ndi agogo kapena achibale ena. Munthu wa ku Ohio akamva za wamasiye m'chilankhulo chake amaganiza za mwana amene alibiretu aliyense pansi pano. Akauzidwa kuti alipo 140 miliyoni, amaona ana 140 miliyoni osowa denga ndi bedi, ndipo amayamba kusonkha ya simenti. A ku Malawi tikukumbukira kuti mwana amene Madonna anamutenga ku Mchinji mu 2006 anali kunyumba yosungirako ana pomwe bambo ake anali moyo.

Nkhaniyi imaonekera bwino kwambiri ku Haiti. Kuchokera ku Miami ndi ulendo wa pandege wa maola pafupifupi awiri okha, moti kwa zaka zambiri mpingo wa ku America ukaganiza za ulendo wautumiki, dzina loyamba kubwera linali limeneli. Kafukufuku amene bungwe la Lumos linatulutsa mu 2017 anasonyeza kuti m'dzikoli munali nyumba zosungirako ana pafupifupi 750, zokhala ndi ana ngati 30,000, ndipo pa ana 10 alionse, 8 anali ndi kholo lamoyo. Ofufuzawo anatsatira ndalama zolowa m'gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a nyumbazi, n'kupeza madola 70 miliyoni pachaka, ochuluka ake ochokera ku mipingo ndi mabungwe achikhristu a ku America. Nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha ana, ya IBESR, itayendera nyumbazi inapeza kuti mwa nyumba 754, zokwana 35 zokha ndi zimene zinkakwaniritsa zofunika pa kasungidwe ka ana.

Nanga kholo lamoyo limaperekeranji mwana wake? Si nkhanza ayi. Ku Haiti masukulu oposa 80 pa 100 alionse si a boma, choncho ngakhale kupulayimale kumafunika fizi, yunifolomu ndi mabuku. Taganizani za mayi wogulitsa makala m'mbali mwa msewu, ana asanu, bambo anamwalira kapena anapita ku Dominican Republic kukadula nzimbe. Pakhomo pake pabwera munthu n'kumuuza kuti azungu atsegula malo, mwana azikadya katatu patsiku, aziphunzira ulere, mwinanso tsiku lina adzakwera ndege. Njira ina imene mayiyu akuidziwa ndi yotumiza mwanayo kwa anthu a m'tauni kukakhala restavèk, mawu a Chikiliyo cha ku Haiti otanthauza "kukhala ndi", amene kwenikweni amanena za mwana wantchito wosalipidwa. Akayerekeza ziwirizi, orphanage imaoneka ngati sukulu yogonera konko yaulere. Amamupereka mwanayo chifukwa chomukonda.

Mmene ndalama imayendera

Apa ndi pamene mlendo amalowera m'nkhaniyi, iye osadziwa. Nyumba yosungirako ana imayenda ndi ndalama za akunja, ndipo akunja amapereka kwambiri akawaona anawo ndi maso, akawanyamula, akajambulitsa nawo. Gulu lililonse lobwera limalipira malo ogona, chakudya ndi galimoto, limasiya chopereka, ndipo likabwerera kwawo limakachitira umboni kumpingo n'kupeza anthu olonjeza ndalama mwezi ndi mwezi pa dzina la mwana wakutiwakuti. Ndiye kuti mwana aliyense wogona pabedi ndi ndalama yolowa, ndipo bedi lopanda mwana ndi ndalama yophonyeka. Mwana akabwerera kwa amayi ake, womuthandiza uja nthawi zambiri amasiya kutumiza. Mkulu wa nyumbayo akhale woopa Mulungu chotani, dongosolo limeneli limamukokera kusunga ana, osati kuwabweza kwawo. Amene saopa Mulungu amapitirira pamenepo. Amalipira anthu oyendayenda m'midzi kukasaka ana. Ena amalemba mapepala abodza oti makolo anamwalira. Ena amasiya dala denga likudontha, ana atavala sanza, podziwa kuti mlendo akaona umphawi dzanja lake limamasuka.

Zofanana ndi zimenezi zinaoneka ku Cambodia, kumene nyumba zotere zinachuluka ndi 75 pa 100 alionse pakati pa 2005 ndi 2010, nthawi imene alendo odzaona dzikolo ankachuluka, ndipo ku Siem Reap, pafupi ndi akachisi a Angkor Wat, ana ankavinitsidwa madzulo kuti alendo aponye kangachepe. Ku Nepal, pa nkhondo yapachiweniweni ya 1996 mpaka 2006, ana a kumapiri monga a ku Humla ankatengedwa kupita ku Kathmandu powalonjeza sukulu, n'kukawasandutsa amasiye a papepala. N'chifukwa chake mu 2018, pokhazikitsa lamulo lake lolimbana ndi ukapolo wamakono, dziko la Australia linakhala loyamba kuvomereza kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna phindu ndi mtundu wina wa ukapolo. Mu Disembala 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unapemphanso mayiko kuti athane ndi mavuto obwera chifukwa cha mavolontiya ndi alendo olowa m'nyumba zosungirako ana.

Palinso masamu osavuta amene mpingo uliwonse uyenera kuchita usanagule matikiti. Anthu 15 aja, aliyense akalipira madola 2,000, ndiye kuti sabata imodziyo yadya madola 30,000. Ntchito imene amakagwira nthawi zambiri ndi kupenta khoma kapena kusenza njerwa, pomwe mmisiri wa konko, amene mwina mwana wake ali m'nyumba momwemo chifukwa chosowa fizi, wakhala pamthunzi wopanda ganyu.

Chaka cha 2010 chinaonetsa kumene changu chopanda kufunsa chingafikitse munthu. Pa 12 Januwale chivomezi chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince, likulu la Haiti, n'kupha anthu oposa 100,000. Pa 29 mwezi womwewo apolisi anagwira anthu 10 a mipingo ya Baptist, ambiri a ku Idaho ku America, otsogozedwa ndi Laura Silsby, akufuna kuwoloka malire kulowa ku Dominican Republic ndi ana 33 popanda zikalata zoyenera. Iwo ankati akupulumutsa ana amasiye. Zitafufuzidwa, zinapezeka kuti ambiri mwa anawo anali ndi makolo amoyo, amene anawapereka atalonjezedwa kuti ana awo akapeza sukulu ndi moyo wabwino. Anzakewo anamasulidwa msanga, koma Silsby anakhala m'ndende mpaka mu Meyi, khoti litamupeza wolakwa pa mlandu wokonza ulendo wosatsata malamulo.

Dzanja limene ana amalimbirana

Tibwerere ku chimene mayi wachizungu uja anachitcha chikondi, chifukwa pamenepa m'pamene alendo ambiri amasokonekera. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu Disembala 1989, dziko lapansi linaona ana oposa 100,000 atadzazidwa m'nyumba za boma. Cha m'ma 2000 akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anayamba kutsatira ana aang'ono 136 a m'nyumba za ku Bucharest. Theka la anawo linapatsidwa mabanja owalera, theka linatsala momwemo. Amene analowa m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino koposa anzawo aja m'nzeru, m'kalankhulidwe ndi m'kukhulupirira munthu wowalera.

China chimene ofufuza amachiona kawirikawiri mwa ana okulira m'nyumba zotere n'chakuti amatsatira munthu aliyense wachilendo mosaopa. Aliyense amene analerapo mwana amadziwa kuti mwana wokulira pamsana pa amayi ake akaona mlendo amabisala kuchitenje, n'kumasuzumira ndi diso limodzi. Si kupusa kumeneko. Mwanayo akudziwa kuti wake ndani, ndipo mlendo ayenera kuyamba wamuzolowera. Koma mwana amene amathamangira aliyense wotsika m'basi, kumukwera pamwendo, kumutcha amayi tsiku lomwelo, ndi mwana amene akusakabe wake. Wolera mmodzi akuyang'anira ana 20, amasinthana ndi mnzake madzulo, mwezi wamawa wasiya ntchito. Ndiye pabwera munthu amene kwa masiku anayi maso ake onse ali pa iyeyo, kumunyamula, kumuuza kuti amamukonda, kenako basi yaliza hutala. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa mlendoyo kutsazikana kumeneko kumachitika kamodzi pamoyo wake ndipo amakukumbukira ndi misozi yokoma. Kwa mwana kumachitika mwezi ndi mwezi, mpaka amaphunzira kuti wokonda aliyense amapita, ndipo chofunika n'kungofunsa kuti ena abwera liti.

Kunena chilungamo, nyumba za ku Romania zinali zoipitsitsa, ndipo si orphanage iliyonse imene ili choncho. Kafukufuku amene Kathryn Whetten wa ku Duke University anatulutsa mu 2009, wochitika m'mayiko asanu kuphatikizapo Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti ana a zaka 6 mpaka 12 a m'nyumba zosungirako ana sanali kumbuyo kwa amasiye anzawo okhala m'midzi yosauka. Ine ndimawerenga zimenezi motere: banja losiyidwa lokha mu umphawi nalonso limavutitsa mwana. Koma yankho la umphawi wa banja ndi kuthandiza banjalo. Ndipo palibe kafukufuku amene ndingamugwiritse ntchito kunena kuti mwana amapindula ndi nkhope zatsopano sabata iliyonse.

Palinso nkhani ya chitetezo, imene mipingo siikonda kuikamba. Ku America kapena ku Britain munthu sangangolowa m'malo osungira ana n'kuyamba kuwanyamula asanafufuzidwe mbiri yake. Khomo limene limatsegukira gulu la Akhristu abwino popanda mafunso limatsegukiranso wogwirira ana. Mu 2013 khoti la ku Miami linalamula munthu wina wa ku Michigan kukakhala kundende zaka 165 chifukwa chogwirira ana panyumba imene ankayendetsa ku Port-au-Prince kwa zaka zambiri. Usiku wa pa 13 Febuluwale 2020 moto unabuka panyumba ina ku Fermathe, kumapiri a kumtunda kwa mzindawu, yoyendetsedwa ndi gulu lachipembedzo la ku Pennsylvania lotchedwa Church of Bible Understanding. Anthu 15 anafa, ambiri mwa iwo ana. Magetsi kunalibe, jenereta inali itawonongeka, ndipo ankaunikira makandulo. Nyumbayo inalibe chiphaso cha boma. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mlendo wa sabata imodzi amaonetsedwa khungu la nkhuyu lokha.

Oyendawo nawonso sali otetezeka. Pa 16 Okutobala 2021 zigawenga za gulu la 400 Mawozo zinagwira anthu 17 a bungwe la Christian Aid Ministries la ku Ohio akuchokera kokaona orphanage kum'mawa kwa Port-au-Prince. Asanu mwa iwo anali ana, wamng'ono kwambiri wa miyezi 8. Zigawengazo zinafuna dipo la madola 1 miliyoni pa munthu aliyense. Mwa anthu 17 aja, asanu anamasulidwa mu Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, ndipo 12 otsalawo anatuluka pa 16 Disembala, atakhala m'manja mwa zigawengazo miyezi iwiri.

Nanga tisiye kuthandiza?

Ayi, ndipo kudula thandizo mwadzidzidzi ndi tchimo lina, chifukwa ana amene ali kale m'nyumbazi mawa ayenera kudya. Alipo ana amene kwawo kuli nkhanza zoti sangabwerereko, alipo amene alibedi aliyense, alipo olumala ofunika chisamaliro chapadera. Chofunika n'kusintha kumene ndalama ikulowera, pang'onopang'ono, mogwirizana ndi oyendetsa nyumbazo komanso a boma oona za chisamaliro cha ana. Dziko la Rwanda linayamba ntchito imeneyi mu 2012, ndipo kudzera mu pulogalamu ya Tubarerere mu Muryango, kutanthauza kuti tiwalere m'banja, ana oposa 3,000 anachoka m'nyumba zotere kupita kwa achibale kapena kwa mabanja owalera. Ntchito yake si yophweka. Pamafunika munthu wokasaka agogo kumudzi, wokonzekeretsa banja, woyendera mwanayo miyezi yambiri atabwerera. Zimenezi sizijambulika bwino, ndiye sizikopa opereka, koma ndi zimene zimabweza mwana pakhomo.

Baibulo lomwelo limene limatumiza anthu paulendo lili ndi chitsanzo chake. Pa 2 Mafumu 4 mkazi wamasiye anapita kwa Elisa akudandaula kuti wangongole akubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Elisa sanatenge anawo kukawasunga kwa ana a aneneri. Anafunsa mayiyo chimene anali nacho m'nyumba, namutuma kukabwereka mitsuko kwa anansi, ndipo mafuta atachuluka anamuuza kuti akagulitse, abweze ngongole, zotsalazo adye iye ndi ana ake. Ngakhale Yakobo sanalekanitse wamasiye ndi mkazi wamasiye. Anawatchulira pamodzi, chifukwa nthawi zambiri amakhala m'nyumba imodzi, mayi ndi ana ake.

Mpingo wofuna kuyendabe uli ndi mafunso oti ufunse usananyamuke. Mwa ana amene ali panyumbapo, angati ali ndi kholo kapena agogo amoyo? Chaka chatha angati anabwerera kwawo? Chiphaso cha boma chilipo? Alendo amafufuzidwa? Mkulu wa nyumba amene akwiya ndi mafunso amenewa wayankha kale. Ndipo oyendawo akafika, ntchito yawo ikhale yothandiza akuluakulu amene adzatsale: namwino aphunzitse olera, wodziwa za ndalama akhale ndi a mu ofesi, abusa acheze ndi abusa anzawo. Kunyamula ana kusiyidwe kwa amene adzakhalepobe sabata yamawa.

Pakali pano maulendo a ku Haiti achepa kwambiri chifukwa cha zigawenga. Mu Novembala 2024, ndege zingapo zitawomberedwa, boma la America linaletsa ndege za makampani ake kutera ku Port-au-Prince. Koma chilengezo cha m'tchalitchi chija sichinathe. Magulu amapita ku Guatemala, ku Uganda, ku Kenya, ndipo amabweranso kwathu kuno, kumene tili kale ndi njira zosungira mwana pakhomo: agogo ndi azakhali amene akulera adzukulu popanda wowajambula, sukulu za mkomba phala zoyendetsedwa ndi amayi a m'mudzi, ndi Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Mbusa wa ku Lilongwe kapena ku Chipata akhoza kulandira uthenga sabata ino wochokera ku mpingo wakunja, wofunsa ngati akudziwa orphanage yoti gulu lawo lidzaone.

Ndikanakhala ine woyankha uthengawo, ndikanawauza kuti abwere ndithu, tidzawalandira ndi manja awiri. Koma basi yawo ndikanaiimitsa pamsika kuboma, pabenchi la tomato, kuti tikhale pansi ndi mayi uja timufunse kuti, "Amayi, pakufunika chiyani kuti mwana wanu azigona kwanu?"